Liwu la Chingerezi linkatanthauza chiyani kale? Kuyerekeza madikishonale ndi njira zofufuzira

Pa 1 Atesalonika 4:15, Baibulo la King James, lija la 1611, limati amoyo "shall not prevent them which are asleep". Mukatsegula dikishonale ya kusukulu mupeza kuti "prevent" ndi kuletsa, ndiye vesilo lizimveka ngati amoyo sadzaletsa akufa kuchita kanthu kena. Buku Lopatulika pa vesi lomweli limati sitidzatsogolera ogonawo, ndipo ndi lomwe likugwirizana ndi zimene omasulira a 1611 ankanena, pakuti m'masiku awo "prevent" kunali kufika mnzako asanafike. Pa Levitiko 2, mu "meat offering" mulibe nyama ndi pang'ono pomwe. Muli ufa wosalala, mafuta ndi lubani, chifukwa "meat" chinali chakudya chilichonse. "Conversation" ya pa 1 Petro 3 ndi makhalidwe a munthu, si macheza.

Mawu achilendo savuta kwenikweni, popeza munthu amadziwa kuti sakuwadziwa n'kupita kukafufuza. Ovuta ndi awa ooneka odziwika, amene malembedwe ake ndi omwe aja koma tanthauzo linasintha kalekale. Mlaliki, wophunzira amene wapatsidwa sewero la Shakespeare, womasulira mabuku, loya amene akuwerenga lamulo lakale, kapena wofufuza makalata a amishonale, onsewa amafika pafunso limodzi: liwu ili, m'chaka chimene linalembedwa, linkatanthauza chiyani? Njira zopezera yankho zilipo zingapo, koma sizigwira ntchito imodzi, ndipo zina zimene anthu amazikhulupirira kwambiri ndi zomwe zimasocheretsa.

Tiyambe ndi imene ili pafupi. Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene ambiri tinakula nayo kusukulu, inachokera ku ntchito ya A. S. Hornby, mphunzitsi wa Chingerezi ku Japan. Iye anailembera anthu ophunzira chinenerocho kuti azilankhula ndi kulemba Chingerezi cha masiku awo. N'chifukwa chake imaika patsogolo tanthauzo lofala lero, ndipo matanthauzo akufa imawasiya dala. Ndi yabwino pa ntchito yake. Pa funso lathuli, ibwezereni pashelefu.

Yaikulu pa zonse ndi Oxford English Dictionary, imene anthu amangoitchula kuti OED, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa njira zina zonse timaziyeza poziyerekeza ndi iyo.

Ganizo lake linabadwa mu 1857, pamene Richard Chenevix Trench anauza bungwe la Philological Society ku London kuti madikishonale a nthawiyo anali opereŵera. Iye ankati wolemba dikishonale ndi wolemba mbiri, si woweruza wosankha mawu abwino ndi oipa. Liwu lililonse lilembedwe mbiri yake: linaonekera liti koyamba, linasintha bwanji, linafa liti ngati linafa, ndipo zonsezi zisonyezedwe ndi ziganizo zenizeni zotengedwa m'mabuku, chilichonse ndi chaka chake. Mkonzi woyamba, Herbert Coleridge, anamwalira mu 1861 ntchito itangoyamba. Zinthu zinayenda mwakayakaya mpaka 1879, pamene James Murray, mphunzitsi wa ku Scotland amene anasiya sukulu ali wamng'ono n'kudziphunzitsa yekha zinenero zambiri, anaitenga. Kachigawo koyamba, kuchokera pa A kukafika pa Ant, kanatuluka mu 1884. Murray anamwalira mu 1915 ali pa chilembo T, ndipo buku lonse linatha mu 1928, lili ndi mawu oposa 400,000 ndi ziganizo za umboni pafupifupi 1.8 miliyoni.

Kuti mumvetse mphamvu ndi zofooka za OED, onani mmene umboniwo unkasonkhanitsidwira. Anthu ongodzipereka, a ku Britain, America ndi kwina, ankawerenga mabuku n'kumalemba pa timapepala tating'ono. Pakona yakumanzere pamwamba ankalemba liwulo, kenako chaka, dzina la mlembi, dzina la buku ndi tsamba, ndipo pansi pake chiganizo chonse. Timapepalato tinkatumizidwa papositi kwa Murray, amene anamanga kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yake n'kukatcha Scriptorium, kokhala ndi timashelefu tambirimbiri toikamo timapepala motsata alifabeti. Ana ake, omwe analipo 11, ankathandiza kusanja n'kumalandira tindalama. Makalata ankachuluka moti a positi anaika bokosi la makalata pafupi ndi geti la nyumba yake ku Oxford. Mmodzi wa otumiza odalirika kwambiri, dokotala wa ku America W. C. Minor, ankalemba ali m'chipatala cha amisala opalamula milandu cha Broadmoor. Mkonzi ankayala timapepala ta liwu limodzi patebulo, n'kumatiunjika malinga ndi matanthauzo, kenako n'kutindandalika motsata zaka. Tanthauzo linkalembedwa pomalizira, timapepala titanena kale zake.

Choncho poŵerenga OED, musathamangire tanthauzo loyamba. Nambala 1 si tanthauzo lofala, ndi lakale kwambiri, ndipo nthawi zambiri limakhala lakufa. Tengani "nice". Linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza wosadziwa, ndipo cha m'ma 1300 linkanena munthu wopusa. Pambuyo pake linayamba kunena munthu wotayirira, wamanyazi, wosankhasankha zakudya kapena zovala, kenako chinthu chofuna kusamala kwambiri ndi kulondola. Tanthauzo la lero, chinthu chosangalatsa, linakhazikika m'zaka za m'ma 1700. Ngati chiganizo chanu ndi cha 1620, ntchito yanu ndi kuyendetsa chala pa zaka za ziganizo za umboni, kuona matanthauzo amene anali amoyo cha m'ma 1620, n'kuyerekeza chiganizo chanu ndi za m'bukumo. Pa liwu lomweli akonzi a OED anavomereza okha kuti m'ziganizo zambiri za m'ma 1500 ndi 1600 n'kovuta kudziwa tanthauzo limene mlembi ankafuna. Ine ndimaikhulupirira kwambiri dikishonale imene imanena zoterezi kusiyana ndi imene imayankha chilichonse molimba mtima.

Zofooka zake zimachokera pa timapepala tomwe tija. Oŵerenga ankakopeka ndi mawu achilendo n'kumadumpha odziwika. Murray anadandaula kuti liwu losowa loti "abusion" anapeza timapepala take pafupifupi 50, pamene "abuse" sitinakwane n'tisanu tomwe. Ankakondanso alembi otchuka. Shakespeare anaŵerengedwa mzere ndi mzere, ndipo ndiye mlembi wogwidwa mawu kwambiri m'dikishonale yonse, pamene anzake a nthawi yomweyo, alembi achizimayi, makalata a anthu wamba ndi mabuku a amisiri zinaŵerengedwa mwapatalipatali. Apa ndi pamene panachokera nkhani ija imene mumaimva kawirikawiri, yoti Shakespeare anapeka mawu masauzande. Mu 1980 katswiri wa ku Germany, Jürgen Schäfer, anasonyeza kuti zaka zambiri za "koyamba" za mu OED zikhoza kubwezedwa m'mbuyo munthu akaŵerenga alembi ena mosamala, ndipo makompyuta atabwera, mawu ambiri amene ankati ndi a Shakespeare anapezeka m'mabuku a anthu ena amene analemba iye asanalembe. Chaka choyamba cha m'dikishonale chimangonena kuti pofika chaka chimenecho liwulo linali litalembedwa penapake pamene wina anapaona. Pakamwa pa anthu liyenera kuti linalipo kale.

Panalinso zimene akonzi anasiya mwadala. Mawu otukwana odziwika kwambiri m'Chingerezi sanalowe mpaka m'buku lowonjezera la 1972, la mkonzi Robert Burchfield. "Appendicitis" anaisiya poganiza kuti ndi liwu la madokotala okha, koma mu 1902 mwambo wolonga ufumu Edward VII unaimitsidwa chifukwa cha matenda omwewo, ndipo liwulo linali m'nyuzipepala iliyonse. Ngakhale "African" munalibe m'kachigawo koyamba kaja, popeza Murray ankati mawu ochokera ku maina a malo asalowe. Atafika pa "American" anasintha maganizo, koma "African" anali atadutsidwa kale, ndipo linadikira mpaka buku lowonjezera la 1933.

Chofooka chimene chingakupwetekeni lero ndi china. OED ya pa intaneti si ya msinkhu umodzi. Mabuku 20 amene anatuluka mu 1989, otchedwa kope lachiŵiri, kwenikweni anangophatikiza lakale lija ndi mabuku owonjezera, osakonzanso zambiri. Kukonza kwenikweni kunayamba kutuluka mu 2000, kuyambira pa chilembo M, ndipo mpaka pano sikunathe. Ndiye liwu lina mulipeza litafufuzidwa posachedwa ndi zida zamakono, pamene loyandikana nalo likadali ndi matanthauzo amene analembedwa m'masiku a Mfumukazi Victoria. Pa tsamba la liwu lililonse amalemba ngati linakonzedwanso kapena ayi. Yang'anani pamenepo musanakhulupirire chaka chilichonse.

Nanga mtengo? Ya pa intaneti ndi yolipira, ngakhale mayunivesite ambiri amalipirira ophunzira awo, ndipo amene ali ku Britain nthawi zambiri amaloŵa ulere ndi khadi la laibulale ya m'dera lawo. M'malaibulale akale mukhoza kupeza Compact Edition ya 1971, mabuku aŵiri olemera momwe masamba anayi anawapanikiza pa tsamba limodzi, ogulitsidwa pamodzi ndi galasi lokuzira zilembo m'kadilowa kake. Maso amaŵaŵa, koma pa mawu ngati "prevent" ndi "conversation" yankho lake n'lokwanira, chifukwa mbali ya Baibulo ndi ya alembi otchuka ndi yomwe akale aja anaigwira bwino. Palinso Shorter Oxford, ya mabuku aŵiri, imene inasunga dongosolo la mbiri koma inachepetsa kwambiri ziganizo za umboni, ndipo makope ake atsopano amangotchula chigawo cha zaka, monga kumayambiriro kwa ma 1600, m'malo mwa chaka chenicheni. Imakuuzani chigamulo, umboni wambiri n'kuubisa. Kwa munthu wongofuna kumvetsa ndime imene akuŵerenga, imakwana.

Njira yachiŵiri imamveka yanzeru kwambiri: ngati mukufuna tanthauzo la m'ma 1700, bwanji osafunsa dikishonale yolembedwa m'ma 1700 momwemo? Ya Samuel Johnson inatuluka mu 1755, mabuku aŵiri akuluakulu, mawu oposa 42,000 ndi ziganizo zoposa 100,000. Ya Noah Webster inatuluka ku America mu 1828 ndi mawu pafupifupi 70,000. Zonse ziŵiri zili pa intaneti ulere. Makhoti a ku America amazikonda. Mu 2008, pa mlandu wa mfuti wa District of Columbia v. Heller, woweruza Antonin Scalia anatsegula kope la 1773 la Johnson ndi Webster wa 1828 pofuna kusonyeza chimene "arms" linkatanthauza pamene malamulo a dzikolo ankalembedwa.

Koma pa bwalo la mfumu, mboni imene inalipo tsiku la ndewu ndi yofunika, komabe si iyo imagamula mlandu. Inaona mbali imodzi, ili ndi abale ake pankhaniyo, ndipo zina inangomva. Johnson ndi mboni yotere. Anagwira ntchitoyo pafupifupi yekha, ndi alembi othandiza 6, m'chipinda chapamwamba cha nyumba yake ku Gough Square. Ziganizo zake zilibe zaka, nthawi zambiri zimangokhala ndi dzina la mlembi, ndipo ankazidula kapena kuzisintha kuti zikwane. Ankasankha alembi amene iye ankawalemekeza, makamaka a kuyambira nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, choncho Chingerezi cha m'buku lake n'chakale kuposa chimene anthu ankalankhula m'misewu ya London mu 1755. Ankaikamonso maganizo ake. Tanthauzo lake la "oats" n'lotchuka: mbewu imene ku England amapatsa akavalo koma ku Scotland imadyetsa anthu. Ndi nthabwala yokoma, koma ikukuchenjezani za munthu amene mukumufunsa. Ubwino wake weniweni ndi woti amakuuzani mmene munthu wophunzira wa nthawiyo ankamvera liwulo m'khutu mwake, ngati linali laulemu, lotsika kapena lachikale. Zimenezi dikishonale yolembedwa zaka 200 pambuyo pake ingathe kungoziganizira.

Webster wa 1828 ndiye amene ndikufuna kuchenjezapo kwambiri, chifukwa mipingo ina ya ku America imamufalitsa ngati mnzake wa Baibulo la King James, ndipo malangizo amenewa amafika kwa alaliki a kwina kulikonse kudzera pa foni. Zoona, Webster anali munthu wopemphera ndipo kawirikawiri amatchula mavesi pofotokoza liwu, choncho pa mawu ena a m'Baibulo amathandiza. Koma pakati pa 1611 ndi 1828 pali zaka 217 ndi nyanja yamchere. Webster mwini wake ankaona kuti Chingerezi cha King James chakalamba, moti mu 1833 anatulutsa Baibulo lake lokonzedwa, atasintha mawu amene matanthauzo ake anali atachoka. Pa chiyambi cha mawu ndiye musamudalire n'komwe. Ankakhulupirira kuti zinenero zonse zinachokera ku chinenero chimodzi cha m'Baibulo ndipo ankalumikiza mawu pongoona kuti akumveka mofanana. Kampani ya Merriam, imene inagula bukulo iye atamwalira mu 1843, inachita kulemba ntchito katswiri wa ku Germany, C. A. F. Mahn, kuti achotse zonsezo m'kope la 1864.

Wina anganene kuti ndiye tifune dikishonale ya m'ma 1611 momwemo. Ilipo, ya Robert Cawdrey ya 1604, yoyamba kufotokoza Chingerezi m'Chingerezi. Ili ndi mawu pafupifupi 2,500 okha, ndipo ndi mawu ovuta obwerekedwa ku Chilatini, Chigiriki, Chiheberi ndi Chifalansa. Mawu wamba sanawaganizire, popeza aliyense ankawadziwa. Tsoka lake, mawu wamba ndiwo amene amatisocheretsa ife. Pa Baibulo ndi Shakespeare, kabuku kapadera kamaposa onsewa msanga: The Bible Word-Book ya Eastwood ndi Aldis Wright ya 1866, kabuku ka mawu a Shakespeare ka C. T. Onions ka 1911 (Onions anali mmodzi wa akonzi anayi a OED), kapena Shakespeare's Words ya David ndi Ben Crystal ya 2002.

Mukabwerera m'mbuyo kupitirira 1500, OED imayamba kupereŵera, ndipo akonzi ake ankadziwa. Pa Chingerezi cha pakati pa 1100 ndi 1500, cha wolemba ndakatulo Chaucer ndi anzake, palibe yoposa Middle English Dictionary ya ku yunivesite ya Michigan. Inatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1952 mpaka 2001, masamba pafupifupi 15,000, ndipo lero ili pa intaneti ulere, ndi umboni wochuluka kuposa wa OED pa nyengo imeneyi. Chovuta chake n'choti nthawiyo kunalibe kalembedwe kamodzi, liwu limodzi linkalembedwa m'njira zambirimbiri, ndiye muyenera kuphunzira kufufuza ndi malembedwe osiyanasiyana. Pitani mukaone mmene "silly" anayendera: liwu limene poyamba linkanena wodala, kenako wosalakwa, womvetsa chisoni, wofooka, mpaka kudzafika pa wopusa m'ma 1500. Chingerezi chakale kwambiri, cha 1150 isanafike, OED inasiya mawu ake onse amene anafa nthawi imeneyo isanakwane. Kumeneko kuli Dictionary of Old English ya ku Toronto, yabwino koma yosatha, ndi yakale ya Bosworth ndi Toller ya 1898, yathunthu ndiponso yaulere. Oŵerenga ambiri sadzafika kutali chonchi.

Funso lina silikhala la nthawi koma la malo ndi la anthu ake. Ngati liwu ndi la m'misewu, la akuba, asilikali, akaidi kapena oimba, pitani kwa Jonathon Green. Green's Dictionary of Slang inatuluka m'mabuku atatu mu 2010, ndipo tsopano ili pa intaneti ulere, yosanjidwa ngati OED, chaka ndi chiganizo, chaka ndi chiganizo, kuyambira cha m'ma 1500. Pa mbali imeneyi imaposa OED kutali. Pa Chingerezi cha m'madera a ku America pali Dictionary of American Regional English, imene ofufuza ake anayenda m'midzi ndi m'matauni 1,002 pakati pa 1965 ndi 1970 akufunsa anthu pakamwa, chinthu chimene akonzi a OED sanachite. Amene akuŵerenga makalata ndi zolemba za amishonale a ku Scotland, ngati aja a ku Blantyre ndi Livingstonia, akakumana ndi liwu lachilendo ayese Dictionaries of the Scots Language, yaulerenso. Pa mawu a Angerezi a ku India pali Hobson-Jobson ya Henry Yule ndi A. C. Burnell ya 1886, yokoma kuŵerenga koma yodzala ndi maso a atsamunda.

Yoyandikira kwathu ndi Dictionary of South African English on Historical Principles, yolembedwa ku yunivesite ya Rhodes n'kusindikizidwa mu 1996, imenenso ili pa intaneti ulere. Mmenemo ndi momwe mungatsate "robot" wa pamsewu, maloboti athu aja. Liwulo linachokera m'sewero la Karel Čapek la 1920, momwe linkanena zinthu zopangidwa kuti zizigwira ntchito m'malo mwa anthu, ndipo m'ma 1930 ngakhale nyuzipepala za ku Britain zinkatchula magetsi a pamsewu choncho. Kumeneko linafa, kum'mwera kwa Africa linakhala. OED nayo yayamba kudzuka: mu 2020 inawonjezera mawu a ku Nigeria monga "okada" ndi "danfo", ndipo mu 2022 a kum'mawa kwa Africa monga "nyama choma". Komabe wofufuza Chingerezi cha m'maofesi a boma a ku Zomba m'masiku a Nyasaland, kapena cha m'migodi ya ku Copperbelt, adzapeza kuti madikishonale onsewa amamusiya panjira, ndipo umboni ayenera kukautola yekha m'nyuzipepala zakale ndi m'mafayilo.

Tsopano njira imene ambiri amayambira, chifukwa ili pa foni ndipo siitha bandulo. Online Etymology Dictionary, imene Douglas Harper anayamba mu 2001, imapereka m'ndime imodzi chiyambi cha liwu ndi zaka zimene matanthauzo akuluakulu anaonekera. Ndi ntchito yachilungamo, ndipo mwini wake sabisa kuti amasonkhanitsa kuchokera m'mabuku ena, kuphatikizapo OED. Koma nthawi zambiri ilibe ziganizo za umboni, choncho simungayeze nokha ngati tanthauzolo likugwirizana ndi ndime yanu. Ndi poyambira pabwino, osati pomalizira, ndipo musaitchule ngati umboni m'pepala la kuyunivesite. Wiktionary imalembedwa ndi aliyense: liwu lina mulipeza lili ndi ziganizo zabwino za zaka zake, lina lili ndi zongomva. Mapulogalamu a kompyuta oyankha mafunso amatha kukupatsani chaka ndi chiganizo zooneka zenizeni koma zopeka, choncho chilichonse chochokera kumeneko kachitsimikizeni kwina.

Za mauthenga oyenda pa WhatsApp ndi Facebook ofotokoza "chinsinsi" cha liwu, pali muyeso wosavuta. Akati liwu lakale linapangidwa ndi zilembo zoyamba za mawu ena, kayikirani. Nkhani yoti "posh" inachokera pa zilembo zolembedwa pa matikiti a sitima zopita ku India ndi yokoma, koma palibe amene anapezapo tikiti yotero. Za "golf" ndi "tip" nazonso n'zopeka. Kupanga mawu ndi zilembo zoyamba kunafala m'zaka za m'ma 1900. "OK" ndi amene amaoneka ngati akuphwanya muyesowu, koma onani mmene anatsimikizidwira: Allen Walker Read anafukula nyuzipepala zakale mpaka kupeza Boston Morning Post ya pa 23 Malichi 1839, pamene zilembozo zinali nthabwala yolemba molakwitsa dala mawu oti zonse zili bwino. Pali tsamba, pali tsiku, ndipo aliyense akhoza kukaona.

Njira yomaliza ndi kuchita nokha zimene Murray ankachita. Lero pali nkhokwe za mabuku akale zofufuzika pa kompyuta. Early English Books Online ili ndi mabuku osindikizidwa kuyambira m'ma 1470 mpaka 1700, ndipo masauzande ambiri a iwo anatayipidwa ndi manja n'kutsegulidwa kwa aliyense. Corpus of Historical American English ya Mark Davies imakuonetsani liwu m'ziganizo zake zaka khumi zilizonse kuyambira kumayambiriro kwa ma 1800. Apa mungayankhe funso limene dikishonale siyankha bwino: mwa matanthauzo atatu amene anali amoyo mu 1611, lofala linali liti? Dikishonale imasonyeza kuti tanthauzo linalipo, koma chiganizo chimodzi cha tanthauzo losowa chimatenga malo ofanana ndi cha tanthauzo la tsiku ndi tsiku. Mtengo wake ndi nthawi. Muyenera kuŵerenga ziganizo zambiri chimodzichimodzi, ndipo mufunika kudziwa kale Chingerezi cha nyengoyo.

Google Ngram, imene inayamba mu 2010, ndi yokopa chifukwa imajambula mzere wokwera ndi wotsika, wosonyeza kuchuluka kwa liwu m'mabuku chaka ndi chaka, m'kanthawi kochepa. Koma imaŵerenga malembedwe, osati matanthauzo. "Prevent" wotsogola ndi "prevent" woletsa kwa iyo ndi liwu limodzi. Imapunthwanso pa zilembo zakale. Mpaka cha m'ma 1800 osindikiza ankagwiritsa ntchito s wamtali wooneka ngati f, ndipo makina amamuŵerenga ngati f, moti "best" amasanduka "beft" ndipo mzere wa liwu umaoneka ngati unakwera mwadzidzidzi chaka chimene osindikiza anasiya chilembocho. Mabuku ena analembedwanso zaka zolakwika. Gwiritsani ntchito kuti ikupatseni funso, yankho mukafune kwina. Chida china chosiyana ndi zonsezi ndi Historical Thesaurus ya ku yunivesite ya Glasgow, imene inayamba m'ma 1960 n'kusindikizidwa mu 2009. Iyo imatembenuza funso: mumayamba ndi ganizo, monga ukwati kapena matenda, n'kuona mawu onse amene Angerezi anali nawo pa nkhaniyo m'nyengo iliyonse. Womasulira kapena wolemba nkhani za kale amapindula nayo, chifukwa imasonyeza mawu amene mlembi akanatha kusankha koma sanasankhe.

Tiyese zonsezi pa vesi limodzi. Pa Aroma 1:13 Paulo akuti ankafuna kubwera kwa iwo kawirikawiri, "but was let hitherto". Dikishonale ya kusukulu ikuti "let" ndi kulola, ndiye zikumveka ngati analoledwa, pamene nkhani yonse ikusonyeza kuti analephera kupita. Ngram pano ilibe ntchito, chifukwa "let" ali paliponse. Tsamba la Harper likuuzani m'mphindi imodzi kuti panali aneni aŵiri osiyana m'Chingerezi chakale, "lætan" wolola ndi "lettan" wotchinga kapena wochedwetsa, wachibale wa "late", amene malembedwe ake anadzafanana m'kupita kwa zaka. Webster ndi Johnson onse ali nalo tanthauzo lotchinga, umboni woti ophunzira a nthawi yawo ankalidziwabe. OED ndi Middle English Dictionary ndi zimene zikuonetseni ziganizo zake motsatana, ndipo mu OED muyenera kusamala kuti mwatsegula "let" uti, popeza mawu ofanana malembedwe amapatsidwa mitu yosiyana yokhala ndi manambala, ndipo amene amathamanga amaŵerenga mutu woyamba wautali uja n'kutseka asanafike pa wachiŵiri. "Let" wotchingayu akadalipo pa tenisi, mpira ukakhudza ukonde pouponya koyamba, komanso m'mawu a mkati mwa pasipoti ya ku Britain opempha kuti mwini wake adutse "without let or hindrance". Yemweyu ndi amene ali pa 2 Atesalonika 2:7, ndipo pa Yesaya 43:13 pamene pakuti "who shall let it" funso lake ndi loti ndani angaletse.